Miyezi isanu chichitireni opaleshoni ya nsagwada, mlomo udakali dzanzi: kodi ndidzachira?

Funso: Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 26 wa ku Mangochi, mbali ya kwa Mponda. Chibadwire nsagwada yanga ya m'munsi inali yotsogola ndipo mano akutsogolo sankakumana. Achimwene anga amene ali ku Joni anandiitanitsa, ndinavala mawaya a m'mano chaka ndi theka, kenako anandichita opaleshoni ya nsagwada zonse ziwiri. Papita miyezi isanu. Ndinabwerera kumudzi miyezi iwiri yapitayo chifukwa masiku anga okhala kumeneko anatha. Mpaka pano mlomo wa m'munsi ndi chibwano chakumanzere ndi dzanzi, nthawi zina mumayenda ngati nyerere. Mawaya aja adakalipo, wina wandiuza kuti akhoza kundichotsa konkuno. Ndidzayamba liti kudya ngati anzanga? Abale akuti ndasintha nkhope, ndipo akuchimuna akufunsa ngati zitsulo zimene zili m'mafupamu sizidzandivutitsa pobereka.

Yankho: Achemwali, zikomo polemba zonse mosabisa. Ndiyamba ndi mlomo poti ndi umene ukukusowetsani tulo, koma mudziwiretu kuti chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawaya amene atha miyezi iwiri popanda wowayang'ana. Tifikako.

M'kati mwa fupa la nsagwada ya m'munsi muli kanjira kopapatiza, kamodzi kumanja, kena kumanzere. M'menemo mumadutsa mtsempha umene umanyamula uthenga wa kukhudza, kutentha ndi kuzizira kuchokera ku mano a m'munsi, ku mlomo ndi ku chibwano. Umalowa m'fupa chakumbuyo, n'kuyenda pansi pa mizu ya mano, kenako umatulukira pa kabowo kamene kali m'munsi mwa mano a m'mbali n'kumwazika m'khungu. Njira imene madokotala ambiri amatsata posuntha nsagwada ya m'munsi, imene anaiyambitsa madokotala awiri, Richard Trauner ndi Hugo Obwegeser, ku Austria m'zaka za m'ma 1950, ndi yong'amba fupalo m'litali mbali zonse ziwiri, podzera m'kamwa, kuti gawo lonyamula mano lisunthidwe. Mtsempha uja umakhala pomwe pakung'ambidwapo. Dokotala amauteteza momwe angathere, komabe umakokeka ndi kupanika. Kudukiratu kumachitika mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense amadzuka pa opaleshoniyi mlomo uli dzanzi.

Mtsempha umenewu ndi womvera basi. Umene umayendetsa milomo pomwetulira ndi poyankhula ndi wina, ndipo umadzera kwina. Choncho wina akakuuzani kuti imeneyi ndi sitiroko kapena kufa ziwalo, musatekeseke. Imani pagalasi, mwetulirani, tukumutsani masaya, muona kuti mbali zonse zikuyenda.

Nyerere zimene mukuzimvazo ine ndikuzilandira ndi manja awiri. Mtsempha ukayamba kutsitsimuka umayamba ndi uthenga wosokonekera: kuyabwa, kunyerenyesa, nthawi zina kulasa ngati singano. Pamene unavulala kwambiri umachita kumeranso, ndipo umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi 6 mpaka 12 yoyamba, koma kusintha kumatha kupitirira mpaka chaka ndi theka ngakhale zaka ziwiri. Msinkhu wanu ukukuthandizani, chifukwa achinyamata amachira bwino kusiyana ndi amene apitirira zaka 40. Koma sindikunamizani: alipo ena amene kachigawo kena ka mlomo kapena chibwano kamatsala kosamva bwino moyo wonse. Ambiri a iwo amazolowera mpaka kuiwala, ndipo wowayang'ana sangadziwe kanthu. Pa miyezi isanu palibe dokotala angakuuzeni motsimikiza kuti inu mudzathera pati, koma zizindikiro zanu ndi zolimbikitsa.

Pali kanthu kamene mungachite kuti musamangoganizira. Tengani pensulo ya nsidze, khalani pagalasi, ndipo ndi kansonga ka thonje yambirani patsaya pamene mukumva bwino, kumayenda pang'onopang'ono kulowera pachibwano. Pamene kumva kwasinthira ikanipo kadontho. Chitani chimodzimodzi kuchokera pansi ndi kumbali inayo, kenako lumikizani timadonthoto ndipo mujambule ndi foni. Mwezi wamawa mudzachitenso. Kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka, koma zithunzi ziwiri zotalikirana mwezi zimaonetsa ngati dera la dzanzi likuchepa. Thonje lomwelo muziligwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo kwa mphindi zochepa: sisitani pamalo a dzanziwo mukuyang'ana pagalasi, kenako tsinzinani n'kubwereza, mukuyesa kuzindikira kumene thonje likulowera. Zimenezi zimaphunzitsa ubongo kumasulira uthenga watsopano umene ukufika.

Mlomo wosamva sudziteteza, ndiye muziuteteza ndinu. Tiyi ndi phala muziyamba mwaziyesa ndi kunsi kwa dzanja. Anthu ambiri amazindikira kuti apsa ataona thuza pagalasi. Nsomba nazo, poti kwanuko ndiye ndiwo za tsiku lililonse: munga wa utaka kapena wa chambo ukhoza kubaya usinini kapena kukodwa pa waya inu osamva, n'kudzazindikira patapita masiku pakutupa. Muzichotsa minga ndi zala musanaike mkamwa, ndipo mukatha kudya kokerani mlomo pansi muone m'kati. Mukakhala pagulu, kansalu m'manja kamathandiza, chifukwa kambewu ka mpunga kapena dontho la msuzi limatha kukhala pachibwano osalimva. Uzani mng'ono wanu kapena mnzanu wapamtima kuti azikutsinani khutu mwakachetechete. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musalole kutemedwa mphini pachibwanopo, kapena kuthowedwa ndi nsalu yotentha kwambiri. Vuto lili m'kati mwa fupa, mphini sizifikako, zimangosiya zipsera ndi zilonda pakhungu limene silingakuchenjezeni. Majekeseni a mavitamini amene ena amagulitsa alibe umboni wamphamvu woti amafulumizitsa mtsempha wotere mwa munthu amene akudya mokwanira. Koma dzanzilo likasanduka ululu wootcha umene ukukulepheretsani kugona, imeneyo ndi nkhani ina. Pali mankhwala a ululu wa mitsempha, monga amitriptyline, amene dokotala angakulembereni atakuonani. Panado sathandiza kwenikweni pa ululu wamtunduwu.

Tsopano mawaya. Musachotsetse kwa munthu amene angochotsa n'kukusiyani choncho. Ndikudziwa kuti mwatopa nawo, zaka ziwiri si masewera, koma ntchito yawo sinathe. Opaleshoni imaika mafupa pamalo oyenera, koma kuti dzino lililonse la m'mwamba likhale bwino pa linzake la m'munsi, imeneyo ndi ntchito ya mawaya ndi timphira tija munkakoleka pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, ndipo kawirikawiri imatenga miyezi 6 mpaka 12 opaleshoni itachitika. Kumbukiraninso kuti lilime, milomo ndi minofu yotafunira zinazolowera kukhala mwanjira ina kwa zaka zoposa 20. Sizisiya msanga kukankha ndi kukoka monga kale. Mawaya akachoka, tsiku lomwelo kapena m'masiku ochepa pamafunika chogwira mano chimene amachitcha retainer. Pali ya pulasitiki yovala ndi kuvula, palinso kawaya kakang'ono komatidwa kuseri kwa mano akutsogolo. Inu a kunyanja mukudziwa zimene zimachitika bwato likasiyidwa pagombe osamangirira: usiku umodzi wa mwera, m'mawa mulipeza kwina. Mano ongochotsedwa mawaya alinso chimodzimodzi, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene amasuntha msanga.

Kuwasiya osayang'aniridwa nakonso n'koopsa. Waya amapitiriza kukankha ngakhale dokotala kulibe, ndipo akhoza kupititsa dzino kumene silinafunike. Kamodzi mwa tizitsulo tomatidwa pa mano togwira waya kakamatuka, dzino limenelo limatsalira. Zakudya zikamakanirira m'mbali mwa tizitsuloto, mano amayamba timawanga toyera ngati choko, chimene ndi chiyambi cha kubowoka, ndipo usinini umatupa n'kumatuluka magazi.

Ndiye chitani izi sabata ino. Achimwene anu apite kumene munachitidwa opaleshoni ndi kwa dokotala wa mawaya akapemphe kalata yofotokoza zimene anachita, kuti nsagwada iliyonse anaisuntha mamilimita angati, anaika tizitsulo tingati m'mafupa ndiponso pati, mawaya anu ndi amtundu wanji, ndi zimene zinatsala kuti zichitike. Apemphenso zithunzi za X-ray za opaleshoni isanachitike ndi itachitika. Zonsezi zikhoza kubwera pa WhatsApp, inu mukasindikize n'kuziika m'kabuku kanu ka kuchipatala. Ndi ufulu wanu kukhala nazo. Mukatero pitani ku gawo la mano pa chipatala cha boma cha Mangochi kuti akaone usinini, akakutsukeni mano, adule waya ngati akukubayani tsaya, ndipo akulembereni kalata yopita nayo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli oona za nsagwada ndi nkhope. Za mawaya, akatswiri ake m'dziko muno ndi ochepa, ndipo amene amagwira ntchitoyi amapezeka makamaka m'zipatala za mano zolipira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano kuno kwathu inangoyamba mu 2019, pansi pa College of Medicine imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndiye kuchepaku musadabwe nako. Ulendo wa ku Blantyre, wa makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi Zomba, kamodzi pa milungu 6 kapena 8 iliyonse, ndi ndalama ndithu, sindikupeputsa. Koma kambiranani pabanja mowerengera zimene zalowa kale. Maulendo ochepa amenewa ndi amene ateteze zonse zimene achimwene anu anakhetsera thukuta. Ngati n'kotheka kubwerera ku Joni mwa dongosolo kukamalizitsa kwa amene anayamba, ndiye bwino koposa. Pakadali pano muziwatumizira zithunzi za mano mutaluma, kutsogolo ndi m'mbali zonse, ndipo musayambe kapena kusiya timphira popanda iwo kunena.

Retainer ikadzabwera, mudzayamba ndi kuvala monga adzakuuzireni, kawirikawiri nthawi yambiri ya tsiku, kenako usiku wokha. Usiku wokhawo ndi wa zaka zambiri, ndipo ine ndimauza anthu kuti aziuona ngati wa moyo wonse. Kutentha kwa ku Mangochi kwanuko n'kofunika kukuganizira: ya pulasitiki imapindika ikasiyidwa padzuwa, pawindo, kapena m'chikwama chimene chakhala panja masana a Okutobala. Musaitsuke ndi madzi otentha. Madzi ozizira, sopo pang'ono ndi mswachi wofewa n'zokwanira. Musaikulunge m'kapepala podya, zambiri zimatayika choncho, ndipo agalu amaikonda chifukwa cha fungo la malovu. Ikasweka kapena kutayika, musadikire mwezi uthe.

Pa zakudya nkhani ndi yabwino. Fupa limagwirana pa milungu pafupifupi 6, n'kumapitiriza kukhwima kwa miyezi yambiri mpaka chaka. Pa miyezi isanu, ngati dokotala wanu sanaletse, nsima, mpunga, nsomba, nyemba, mazira, nkhuku ndi nyama yophika bwino mukhoza kudya. Ndipo muyenera kumatafuna, chifukwa minofu imene yakhala ikugona imabwerera ndi ntchito. Ikatopa pakati pa chakudya, pumani, si chizindikiro choti china chathyoka. Zimene musadye kaye pakadali pano ndi nzimbe, chimanga chokazinga ndi chootcha, mtedza wokazinga, kanyenya wouma, kuphwanya mafupa a nkhuku, ndi mango osapsa olumidwa ndi mano akutsogolo. Chifukwa chachikulu pano ndi mawaya, amene amamatuka ndi zolimba zoterezi. Akadzachoka, ndipo chaka chikadzakwana, nzimbe mudzadya, koma muzidzasenda ndi mpeni n'kudula tizidutswa. Kutsegula botolo ndi mano kokha mukuiwale mpaka kalekale. Malambe ndi bwemba n'zowawasa, zimadya mano zikamakhalitsa mkamwa, choncho mukamwa chukuchani ndi madzi. Zakumwa za shuga musamangopsontha tsiku lonse.

Ambiri amatsika thupi pa miyezi iwiri yoyamba, ndipo pa opaleshoni ya nsagwada zonse ziwiri magazi amatayika ndithu. Ngati zovala zikadali zokhwepa, kapena mukumva chizungulire ndi kutopa msanga, kayezetseni magazi. Phala la nsinjiro, chipere, futali, mapeyala, chambiko, usipa wosinja wothira m'ndiwo zamasamba, bonongwe ndi chiwindi zimabwezeretsa thupi popanda kuvutitsa nsagwada. Ngati ndinu Msilamu ndipo mukuganiza za kusala pa Ramadhani, munthu amene thupi labwerera ndipo sakumwa mankhwala a masana amatha kusala bwinobwino pa msinkhu uwu wa kuchira. Ngati thupi silinabwerere, kambiranani ndi dokotala komanso a shehe, poti odwala ali ndi chilolezo chodzabweza masiku.

Yesani izi: ikani zala zitatu, cholozera, chapakati ndi chotsatira, choimirira pakati pa mano akutsogolo. Munthu wamkulu amayasamula mamilimita 35 mpaka 45, zomwe ndi pafupifupi zala zitatu zake zomwe. Ngati zikulowa ziwiri zokha, muzichita masewera oyasamula: ikani nsalu yofunda pang'ono pamasaya, pomwe mukumva bwino, kenako yasamulani mpaka pomwe pakukoka koma osapweteka, gwirani masekondi khumi, bwerezani kangapo, katatu pa tsiku. Muzisunthanso nsagwada kumanja ndi kumanzere. Kulira kwa "khwa" pafupi ndi khutu kopanda ululu kumachitika kwa ambiri ndipo sikudetsa nkhawa.

Akuchimuna auzeni mosazungulira kuti tizitsulo ta m'mafupato tilibe chochita ndi mimba, kubereka kapena kuyamwitsa. Ndi tating'ono, topangidwa ndi titanium, chitsulo chimene sichichita dzimbiri m'thupi ndipo fupa limachilandira bwino. Sitiyenda m'magazi, sitikoka mphenzi, ndipo kawirikawiri sitiliza makina a pabwalo la ndege. Sikani ya MRI, yojambula m'kati mwa thupi, imathekanso, kungoti muziwauziratu oyeza. Fupa likagwirana ntchito yake yatha, timangokhala, ndipo anthu ambiri amakalamba nato. Timachotsedwa pokhapokha tikayambitsa vuto, monga kutupa kobwerezabwereza, mafinya, kapena kasikuluwu kakaonekera pa usinini. Kuchotsako ndi opaleshoni yaing'ono poyerekeza ndi imene munadutsamo. Ena amamva kuwawa pang'ono nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, zimenezo zokha si chifukwa chochotsera. Chimene ndinganene poyera, poti mwina chidzafunsidwa, n'chakuti nsagwada yotsogola imayenda m'magazi m'mabanja ena, ndipo opaleshoni sisintha zimenezo. Mwana akhoza kutengera, akhozanso osatengera. Si matenda, ndipo akadzatengera mudzakhala mayi wodziwa kupita naye kwa dokotala wa mano akadali wamng'ono, mano achikulire akamamera.

Zakuti mwasintha nkhope, inde mwasintha, ndi chimene opaleshoniyi imachita. Komanso nkhope imene mukuiona lero si yomaliza. Kutupa kwakukulu kumaphwa m'milungu yoyambirira, koma kotsalira, makamaka m'mbali mwa mphuno ndi pa mlomo wa m'mwamba, kumatenga miyezi 6 mpaka chaka, ndipo kumaoneka kwambiri m'mawa podzuka. Nsagwada ya m'mwamba ikasunthidwira kutsogolo, mphuno imatha kutambasuka pang'ono, ndipo kumwetulira kumakhala kouma kwa kanthawi. Agogo akamati "si mwana wathu uja uyu", nthawi zambiri sakunyoza. Akusowa nkhope imene anailera, ndipo nawonso akufunika nthawi. Inunso mukhoza kudzidzimuka pagalasi, kapena kudzifunsa ngati munachita bwino. Zimenezi zimachitikira ambiri, ngakhale amene zotsatira zawo n'zabwino kwambiri, ndipo zimachepa nkhope ikakhazikika. Simukuyenera kufotokozera aliyense wa pamsika. "Anandikonza nsagwada kuti ndizitha kutafuna" ndi yankho lokwanira. Koma ngati mwatha milungu iwiri kapena kuposa muli wokhumudwa, osagona, osafuna kutuluka m'nyumba, kauzeni a chipatala, kuli anamwino oona za maganizo. Ndipo poti chithunzi cha pa chiphaso cha unzika ndi pasipoti ndi cha nkhope yakale, kalata ya dokotala ija muziyenda nayo mukamadutsa pachipata cha dziko kapena pokachita za kubanki.

Kusambira m'nyanja, kulima, kusenza madzi, zonsezi palibe choletsa pano. Mpira wamanja funsani kaye dokotala akakuonani, chifukwa chigongono cha mnzanu sichisankha. Chimene ndimaopa kwambiri ndi kabaza wa njinga yamoto. Nsagwada zambiri zothyoka zimene timaziona zimachokera pamsewu. Musakwere opanda chisoti, ndipo ngati mungathe gulani chanu chophimba mpaka chibwano. Fodya wa mtundu uliwonse, wosuta kapena woika mkamwa, amachedwetsa kuchira kwa fupa ndi usinini.

Pali zinthu zimene mukaziona musadikire tsiku la ulendo wanu. Kutupa kumene kwabweranso mbali imodzi, kofunda ndi kopweteka, kapena madzi oipa otuluka pa usinini pomwe anacheka. Mamina onunkha otuluka mphuno imodzi yokha ndi mutu wolemera mukawerama, chifukwa nsagwada ya m'mwamba inadulidwa modutsa m'mphako za m'masaya. Dzino limene layamba kuda. Kutentha thupi kobwera pamodzi ndi kutupa nkhope, kumene musakuyese malungo chabe ngakhale mutayezetsa. Ndiponso kusintha kwa kaluma: mukaona kuti mano akutsogolo ayamba kusiya mpata mutaluma, kapena mzere wa pakati pa mano a m'munsi ukuthawira mbali imodzi, kapena mfundo ya nsagwada pafupi ndi khutu ikupweteka mosalekeza. Mwa anthu ochepa, makamaka atsikana ndi amayi achichepere, mutu wa fupa la pamfundoyo umatha kuyamba kudyeka opaleshoni itachitika, ndipo ukadziwika msanga pamakhala zambiri zochita kusiyana ndi ukadziwika mochedwa. Pa zonsezi yambirani pa chipatala cha boma tsiku lomwelo, mutanyamula kabuku kanu ndi makalata aja, ndipo mupemphe kuti akutumizeni ku Blantyre ngati paoneka chofunika.